Zoonera patali za 8x42 ndi kamlendo ka m'mitengo ya ku Kaning'ina

Zoonera patali zimenezi ndinazigula mu Seputembala chaka chatha, pakasitolo kena kogulitsa mawayilesi, matochi ndi mabatire a sola chakufupi ndi msika waukulu kuno ku Mzuzu. Ogulitsa amati mabainokyula. Ndakhala nazo miyezi 14 tsopano. Zapirira dzinja lathunthu la kuno, lija mvula yake imakakamira mpaka mu Meyi, zapiriranso chisanu cha mu Juni, choncho ndingathe kunenapo kanthu popanda kunamiza munthu. Dzina lomwe lili pabokosi si lodziwika, ndipo zofanana nazo ndaziona kwina zitadindidwa mayina ena. Musavutike ndi dzina. Yang'anani manambala awiri olembedwa pafupi ndi kagudumu kapakati: 8x42. Ndalama zomwe ndinalipira zikanagula thumba limodzi la feteleza nthawi imeneyo, ndipo mayi a kunyumba sanabise kuti iwo akanasankha fetelezayo. Ine ndikuti ndalamazo sizinapite pachabe. Zilema zilipo, ndizitchula, koma muyambe mwamva chomwe chinandigulitsa.

Ndine kalipentala, kwathu ndi ku Dedza. Tili anyamata tinkayenda ndi malegeni m'khosi, ulimbo m'kachitini, ndipo mbalame tinkazidziwa monga munthu adziwira ndiwo. Pumbwa, njiwa, atchete, mpheta, choso, nthengu. Koma kalikonse kakang'ono kotuwa kothamangathamanga m'masamba tinkangoti timba, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina limeneli ndinakula nalo, ndinabwera nalo kuno kumpoto mu 2009, ndipo likanandikwanira mpaka ukalamba pakanapanda mdzukulu wanga. Ndi mtsikana wa zaka 9, amakhala nafe. Tsiku lina m'mawa analoza mumtengo wa peyala kuseri kwa nyumba n'kufunsa kuti, "Agogo, kaja n'kambalame kanji?" Ndinati timba. Patapita masiku analozanso kena pampanda, ndinatinso timba. Anakhala chete, kenako anati, "Agogo, nanga onse ndi atimba? Wa tsiku lija analibe mchira wautali chonchi." Mawu amenewa anandikhala pamtima. Mwana ankaona zomwe ine ndinali nditasiya kuona, ndipo maso anga, omwe tsopano amafuna magalasi powerenga Baibulo, sakanatha kumuyankha.

Woyandikana nane nyumba ndi bambo wachikulire yemwe anagwira ntchito ya za nkhalango ku Chikangawa zaka zambiri. Nditawafotokozera, anati, "Achimwene, mukagula, mugule za 8. Akakunyengererani zazikulu, mukane."

Zinachitikadi. Mnyamata wa pasitolo anayamba n'kutulutsa za 20x50, magalasi ake ofiira ngati tomato wakupsa. "Adada, zenizeni ndi izi. Muli pano mutha kuona munthu akukukuta chimanga ku Katoto." Ndinaziika m'maso n'kuloza padenga la kutsidya kwa msewu. Dengalo linafikadi pamphuno, koma linkagwedera ngati lili pamadzi, ndipo khwangwala yemwe anatera pamenepo ndinamusakasaka osamupeza mpaka anauluka. Ngati khwangwala akusowa, kuli bwanji kambalame kotalika ngati chala?

Manambala aja tanthauzo lake ndi ili. Yoyamba ikunena kuti chinthu chikuyandikitsidwa kangati: ndi 8, mbalame yomwe ili pamtunda wa mamita 16 imaoneka ngati ili pa mamita 2. Yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, mamilimita 42. Mukagawa 42 ndi 8 mupeza 5 ndi kakanthu, ndipo kumeneko ndiye kukula kwa kadontho ka kuwala kolowa m'diso lanu. Za 20x50 kadontho kake ndi 2.5 basi. Masana pamsewu kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, koma pansi pa mitengo m'mamawa za 20 zimachita mdima pamene za 8 zili ngwee. Ndiponso zoyandikitsa kwambiri zimakuza kunjenjemera kwa manja, n'kumaonetsa kamalo kochepa ngati ukusuzumira mupaipi. Mbalame ya m'masamba siidikira munthu. Imafuna zoonera zotambasuka, zoti ikadumphira panthambi ina ukhale ukuionabe.

Ndinatenga za 8x42. Koma zoyambazo zinali ndi vuto lomwe sindinalizindikire pasitolo. Ndikayang'ana kwa mphindi zochepa mutu unkawawa, maso n'kumakokana. Tsiku lachitatu ndinaloza pamzere wa denga la tchalitchi n'kuzitalikitsa pang'ono ndi nkhope, ndipo ndinaona kuti mzerewo wathyoka: diso lamanzere likuuona m'mwamba, lamanja m'munsi. Kalipentala sangalole mzere wothyoka. Zikatero ndiye kuti magalasi a m'kati anasuntha, mwina zinagwa panjira, ndipo kukonza kwake si kwa pakhonde. Ndinabwerera. Mnyamata uja anayamba wakana, akuti katundu akatuluka watuluka. Sindinakweze mawu. Ndinangomutulutsa panja n'kumuuza kuti, "Achimwene, yang'anani nokha waya wa magetsi uyo." Anayang'ana, anaseka, n'kukatenga zina m'kati. Pamenepo ndimuyamikire, chifukwa ena akanaumirira. Zachiwirizi ndinaziyesa pomwepo, waya unali umodzi, wowongoka, ndipo ndi zomwe ndili nazo mpaka lero. Aliyense wogula achite chimodzimodzi asanapereke ndalama. Aziyesere panja, osati m'sitolo.

Milungu yoyamba ndinkangotaya mbalame. Ndikaona kanthu mumtengo ndinkaweramira zoonerazo pachifuwa, ndikadzutsa mutu kapita. Bambo woyandikana nane uja ndi amene anandiwongola: maso asachoke pambalame, manja okha ndiwo akweze zoonera kufika m'maso. Anandisonyezanso kamphete kamene kali kudiso lamanja, komwe ambiri sadziwa ntchito yake. Utsinzine lamanja, uzungulitse kagudumu kapakati mpaka lamanzere lione bwino, kenako utsinzine lamanzere n'kuzungulitsa kamphete kokha. Ukatero kamodzi, basi. Maso a munthu safanana mphamvu, anga makamaka.

Kambalame komwe timati kamlendo ndinakaona Loweruka lina chakumapeto kwa Okutobala. Tinadzuka kusanache, ine, mdzukulu wanga ndi bambo aja, kupita m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina chakum'mawa kwa tauni. Mitengo ya tsamba inali itaphukira kale. Amene anakulira m'nkhalango zotere akudziwa momwe masamba atsopano amatulukira ofiira psuu mvula isanagwe, kenako n'kumasanduka obiriwira. Tsiku limenelo anali pakati, ena ofiirira, ena obiriwira mopepuka, anthete okhaokha. Tinayenda pafupifupi theka la ola osamva kanthu. Zii. Mwana anayamba kukoka mapazi. Bambo aja anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mdzukulu. Nkhalango ngati ino mbalame zake zimayendera limodzi. Ukazipeza wazipeza zonse."

Sipanapite nthawi, nthengu analira patsogolo pathu, ndipo mitengo itatu inadzaza nthawi imodzi. Kunali timbalame tachikasu tokhala ndi mkombero woyera m'maso, kunali takuda ndi toyera tokhala ndi lamba pachifuwa, gogomole wamng'ono akugogoda pathunthu, nthengu ali panthambi youma akudikira tizilombo tomwe anzake avumbulutsa. Zimayenda chonchi dala. Maso akachuluka mphamba amaoneka msanga, ndipo kachilombo kothawa mlomo wa uyu kamagwera mlomo wa uyo. Ndinasowa poloza. Ndiye mdzukulu wanga anandikoka malaya. "Agogo, katimba ako, pansipa."

Kanali pamtunda wa mamita ngati 5, panthambi yotsika. Ndi maso okha kanali kanthu kotuwa chabe, kofanana ndi tonse tomwe ndinkaponyera miyala ku Dedza. Nditakweza zoonera n'kuzungulitsa kagudumu, ndinangoti kakasi. Pamsana panali pobiriwira motuwa, ngati tsamba lomwe layamba kufota. Kumimba koyera, pakhosi ndi pachifuwa kachikasu kozimirira. Pamwamba pa diso panali kamzere koyererako ngati nsidze, ndipo kamzere kena kakuda kanadutsa m'diso momwemo. Mlomo woonda ngati munga. Miyendo yofiirira motuwa, yopyapyala ngati mitengo ya machesi. Mapiko aatali kuposa a timba wa m'udzu, nsonga zake zikufika patsinde pa mchira. Sikankakhazikika. Kankayenda panthambi kakupendeketsa mutu, kusuzumira kunsi kwa tsamba lililonse monga mayi asankhira nyemba m'lichero. Kenako kanadumpha, n'kuima m'malere kakukupiza mapiko kwa kamphindi, n'kutola kambozi kobiriwira kunsi kwa tsamba. Kanabwerera panthambi, kanakamenyetsa kawiri, n'kumeza. Ndinaona ngakhale pakhosi pakutukuka mboziyo ikutsika. Zaka zoposa 50 ndakhala pansi pa mitengo, koma chimenechi ndinali ndisanachionepo.

Ndinamupatsa mwana zoonerazo. Zimapindika pakati mokwanira maso a mwana wa msinkhu wake, chinthu chomwe zazikulu zija sizikanachita. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kali ndi nsidze."

Madzulo tinakhala pakhonde la bambo aja ndi buku lawo lakale la zithunzi za mbalame, lachingerezi, lothothoka chikuto. Tinafananiza nsidze, miyendo, kutalika kwa mapiko. Pachingerezi amati willow warbler, ndipo dzina la akatswiri ndi Phylloscopus trochilus. Mawu oti Phylloscopus ndi ochokera ku Chigiriki, akutanthauza wosuzumira masamba. Amene anakatcha anakaonetsetsa ndithu. Kunyumba kwathu timangoti kamlendo, chifukwa si ka kuno. Apa ndi pamene nkhani inandikulira.

Kambalame kameneka kutalika kwake ndi masentimita 11 kapena 12, ndipo kulemera kwake kumakhala magalamu 8 mpaka 10 nthawi zambiri. Ndi masupuni ang'onoang'ono awiri a shuga wa mutiyi. Kamaswa kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, kuyambira ku Ireland, kudutsa Scandinavia ndi Russia, mpaka kum'mawa kwenikweni kwa Siberia. Kumeneko kukayamba kuzizira tizilombo timatha, ndipo pafupifupi mtundu wonse umasamukira ku Africa kuno, kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kwathu kuno timbalameti timayamba kuoneka chakumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, n'kubwerera mu Marichi ndi Epulo. Ulendo wake ndi wa usiku. Masana kamatera n'kudya, kusunga mafuta m'thupi oti kawolokere nyanja ndi chipululu. Tomwe taswedwa chaka chomwecho timanyamuka popanda kholo lotsogolera, njira ili kale m'magazi. Ku Sweden kuli malire osaoneka ndi maso: ta kumwera kwa dzikolo timalowera kumadzulo kwa Africa, pamene ta kumpoto timalowera kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, mbali yathu ino. Kuchokera ku Scandinavia kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 7,000.

Koma kuli ta kutali kuposa pamenepo. Ofufuza anamangirira tizipangizo topepuka pamsana pa timbalame ta kum'mawa kwenikweni kwa Russia, ndipo zomwe anasindikiza mu 2018 zinaonetsa kuti tinauluka makilomita ofika 13,000 ulendo umodzi, n'kudzatera chakumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kutsidya kwa nyanja yathuyi. Ine ndikakwera basi kupita ku Lilongwe ndimafika msana ukuwawa. Kameneka kamayenda mtunda ngati umenewo kopitirira ka 30, ndi mapiko ake, ndipo pakatha miyezi ingapo kamatembenuka kubwerera. Usiku umenewo ndinatenga masupuni awiri a shuga n'kuthira m'dzanja la mdzukulu wanga kuti amve kulemera kwake. Sanalankhule kanthu. Anangotseka dzanja pang'onopang'ono.

Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake. Kamlendoka mazira ake sitidzawaona kuno, chifukwa kuno kamangobwera kudzadya. Kwawo kamamanga chisa pansi, m'udzu kapena patsinde pa chitsamba, chozungulira ngati kamphika kogona chammbali, khomo lili m'mbali, m'kati moyalidwa nthenga. Kakakazi kamaikira mazira 4 mpaka 8 n'kufungatira milungu iwiri yosakwana bwino, ndipo ana amatuluka m'chisa patatha milungu inanso iwiri. Tambiri sitipitirira zaka ziwiri za moyo. Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira legeni yanga ija. Mwina mwa tomwe tinkawotcha pamoto n'kugawana kamwendo kamwendo munali tina tomwe tinali titangofika kumene kuchokera ku Russia. Sindikudzudzula ana a kumudzi, njala ya ndiwo ndikuidziwa. Kungoti palibe anatiuza.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kukaona paliponse, ndipo apa m'pamene zoonerazi zinandisonyeza ubwino wake waukulu, womwe pabokosi sanaulembe n'komwe: zimaona pafupi. Ndinayeza ndi tepi yanga ya ntchito. Chinthu chikakhala pa mamita 2 ndi masentimita 30 chimaoneka bwinobwino. Anthu amaganiza kuti zoonera patali ndi za kutali kokha, koma mbalame ya m'masamba nthawi zambiri imakhala pamwamba pa mutu wako. Kuseri kwa shedi yomwe ndimapalira matabwa kuli mtengo wa mthethe, ndipo dzinja lonse munkakhala timbalameti tiwiri kapena titatu, tikutola nsabwe za m'masamba, timbozi, tiakangaude ndi tintchentche. Sitifuna nkhalango yokhayokha ayi. M'minda ya m'tauni, m'mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje wa Lunyangwa, ngakhale pabwalo la tchalitchi timapezeka, bola pakhale mtengo wa masamba okhala ndi tizilombo. Mu paini ndi bulugamu ndimakumana nato mwa apo ndi apo.

Mu Januwale ndinada nkhawa. Kamodzi ka mumthethe muja kanayamba kuoneka konyankhalala, nthenga za mchira zina zazifupi zina zazitali, phiko lili ndi mpata. Ndinaganiza kuti kadwala kapena kapulumuka kwa mphaka. Bambo aja anandiuza kuti kakusintha nthenga. Mbalame zing'onozing'ono zambiri zimathothola nthenga zonse kamodzi pachaka, koma kameneka kamachita kawiri: kamodzi kwawo kakamaliza kulera ana, kachiwiri kuno kwathu m'dzinja. Ndiye kuti nthenga zomwe kamaulukira pobwerera ku Ulaya zimamera kuno, ndi mbozi za m'mitengo yathu. Pofika mu Marichi kanali katasalala, mitundu yake yawala ngati chovala chatsopano. Kusintha konseku ndinakuona sabata ndi sabata nditakhala pabenchi, utuchi uli m'mapazi. Ndi maso okha sindikanazindikira kalikonse.

Mu Marichi momwemo kanayamba kuimba kwambiri. Kulira kwake kwa masiku onse ndi kamluzu kofewa, huu-wiit, kokwera kumapeto. Koma nyimbo yeniyeni ndi ina. Imayambira pamwamba, timawu tothamanga tokoma, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kuzimirira, ngati madzi otsetsereka pamiyala. Imatenga masekondi atatu kapena anayi, kenako kamapuma, n'kuyambanso. Ndinkasiya kupala kuti ndimve. Chapakati pa Epulo mthethe unangoti zii.

Tsopano zilema, chifukwa zilipo ndipo zina zimandiwawa.

Chachikulu ndi madzi. Pabokosi analemba kuti sizilowa madzi. Mu Epulo mvula inatipeza ku Kaning'ina, ya kuno ija yopanda bingu yongogwa tsiku lonse, ndipo ngakhale ndinazibisa m'jekete, pofika kunyumba mbali yamanzere inali itachita nkhungu m'kati. Kupukuta kunja sikunathandize. Ndinaziika m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo nkhunguyo inatha patapita masiku atatu, koma inasiya kadontho kakang'ono m'mphepete mwa galasi komwe kalipo mpaka pano. Kuno ku Mzuzu chinyezi ndi mdani. Chuku chikamera m'kati mwa magalasi ndiye kuti zatha. Panopa sindizisunga m'kachikwama kake, zimagona m'chitini chija, ndipo kukachita mitambo ndimanyamula jumbo. Wogula asakhulupirire mawu a pabokosi amenewo.

Lamba wake ndi wopyapyala ngati chingwe cha nsapato. Zoonerazi ndinaziyeza pasikelo ya mayi wina wogulitsa nyemba, zinakwana magalamu 680, ndipo kulemera kumeneko pakalamba kotero kumacheka khosi ola lisanathe. Mayi a kunyumba anandisokera wina wotambalala wa chitenje, m'kati anaikamo siponji. Zotsekera magalasi akutsogolo zinali zokhwepa, imodzi inatayika sabata yoyamba. Timakapu ta m'maso timazunguliridwa kukwera ndi kutsika, zomwe ndi zabwino kwa ovala magalasi, koma ka kumanzere kamatsika kokha ukakanikiza pankhope. Ndinakulungapo kamphira ka chubu cha njinga, kanakhazikika. M'mamawa wa mu Juni ndi Julayi kagudumu kamauma, kamafuna zala ziwiri, mpaka dzuwa litakwera.

Kaonekedwe kake pakati m'pabwino kwambiri, nthenga imodzi imodzi imawerengeka. M'mphepete mwa bwalo mumachita mbuu pang'ono. Mbalame ikakhala pansonga ya mtengo kumbuyo kuli mitambo yoyera, m'mbali mwake mumaoneka kamzere kofiirira komwe kulibe pambalamepo. Bambo woyandikana nane ali ndi zawo zakale zomwe anapatsidwa kuntchito, zolemera, zong'ambika mphira, koma zilibe vuto limeneli. Zanga zimawaposa pakuwala ndi pakuona pafupi. Pa mtengo womwe ndinalipira, sindingadandaule kwambiri.

Pali chinanso chomwe si vuto la zoonerazi koma wogula achidziwe. Munthu wonyamula zimenezi amakayikiridwa. M'tauni sindiloza kumene kuli nyumba za anthu, ndipo ndikafika pamunda wa munthu ndimayamba ndapereka moni n'kufotokoza. Tsiku lina mu Febuluwale, panjira yotsika kuchokera kunkhalango, ndinakumana ndi mnyamata akukankha njinga ya matumba atatu a makala. Atangoona zoonera pachifuwa panga anaima, nkhope yagwa. "Pepani bwana, ndi a pakhomo chabe." Ndinati, "Ayi achimwene, sindine wa za nkhalango. Ndikuona mbalame." Sanakhulupirire mpaka nditamupatsa kuti aone yekha. Mwamwayi kamlendo kanali mumsuku pafupi pomwepo. Anavutika kukapeza, kenako anakapeza, ndipo anakhala nthawi yaitali kuposa momwe ndinkayembekezera. Anayamba wanena m'Chitumbuka kuti ndi kayuni chabe, koma nditamuuza komwe kachokera anatsitsa zoonera n'kundiyang'ana ngati ndikumunamiza. "Kameneka? Ku Ulaya?" Anayang'ananso. Tinasiyana bwino, iye ndi makala ake, ine ndi zoonera zanga.

Sindingamuweruze mnyamata ameneyu. Kunyumba kwanga timaphikira makala magetsi akazima, ndipo ine ndemwe ndimadya za mitengo, mlombwa wadutsa m'manja mwanga wosawerengeka. Koma chiyambireni kuyang'ana m'mwamba ndikuona zomwe kale sindinkaona. Malo ena m'mphepete mwa Kaning'ina omwe chaka chatha tinkaimapo pamthunzi, chaka chino ndi zitsa ndi dothi lakuda la uvuni. Pamalo otero gulu lija la mbalame silidutsa. Ndipo nkhalango yomweyi ndi imene imasunga madzi a Lunyangwa omwe timamwa m'tauni muno. Pashedi panga ndasiya kulandira matabwa omwe mwini wake sakutha kunena komwe achokera. Ndi zochepa, koma ndi zomwe zili m'manja mwanga.

Kodi ndingalimbikitse munthu kugula? Ngati mukufuna zoonera mpira pabwalo kapena kuona ngalawa ku Nkhata Bay, zilizonse zikuthandizani. Koma ngati mukufuna mbalame za m'mitengo, gulani za 8x42, kapena za 8x32 ngati mukufuna zopepukirapo zoti mwana azinyamula. Za magalasi ofiira zisiyeni, zimasintha mtundu wa zinthu. Muunike ndi tochi kugalasi lakutsogolo kuti muone ngati mulibe chuku kapena fumbi m'kati, makamaka zikakhala zakale. Muyese waya wa magetsi. Muyesenso kuyang'ana chinthu chapafupi, ngati zala za kuphazi za mnzanu ataima masitepe atatu kuchokera pomwe muli. Zikakanika pamenepo, m'nkhalango zikakusowetsani mtendere. Ndipo mugwirizane ndi wogulitsa musanalipire kuti zikakhala ndi vuto mubweza.

Kuyambira mu Epulo mpaka mu Seputembala tinkaona za kuno zokhazokha, ndipo sizochepa, dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600. Mdzukulu wanga ali ndi kope lomwe amalembamo chilichonse chomwe taona, china ndi dzina la Chichewa, china la m'buku, china ndi chithunzi chojambula yekha. Timba weniweni wa m'udzu, wa mchira wautali woimika uja, ali patsamba lake. Kamlendo kali patsamba lina, ndipo pansi pake anasiya mpata woti adzalembe tsiku lobwerera.

Chaka chino mpatawo unadzaza pa 19 Okutobala. Ndinali ndikupala chitseko, iye akusesa utuchi asanapite kukasamba. Anaimika tsache. "Agogo, tamverani." Ndinazimitsa wayilesi. Mumthethe munamveka huu-wiit, kamodzi, kenako kachiwiri. Anathamangira m'nyumba kukatsegula chitini, n'kubwera lamba wa chitenje ali kale m'khosi mwake. Anakapeza iye ine ndisanakaone, chakumwamba, kakusuzumira kunsi kwa timasamba. Nthawi yanga itafika ndinaona kuti nthenga za mapiko zaperepeseka nsonga ndi ulendo, ndipo kankadya mosapumira, osalabadira za ife. Kadontho kaja ka m'galasi lamanzere kanali pomwepo m'mphepete. Ndinasuntha pang'ono kuti kambalame kakhale pakati, n'kuyang'anabe mpaka guluu yemwe ndinapaka pachitseko anauma ndisanalumikize.